Kodi munthu angaone kuwala kwa Mulungu? Mafunso ndi mayankho pa mkangano wa Palamas ndi Barlaam

Nthawi iliyonse tikamaphunzira za kusandulika kwa Yesu paphiri, kapena wina akanena kuti waona masomphenya popemphera, pamabuka mafunso amene Akhristu a ku Byzantium, ufumu wa olankhula Chigiriki umene likulu lake linali Constantinople (lero Istanbul), analimbana nawo pakati pa 1336 ndi 1351. Apa tasonkhanitsa amene amafunsidwa kawirikawiri, kuyambira apafupi mpaka ozama.

Kodi mkanganowu unali wa chiyani kwenikweni?

Amonke ena a pa phiri la Athos, kumpoto kwa Greece, ankanena kuti munthu amene wayeretsa mtima wake ndi kulimbikira pemphero angathe, Mulungu akafuna, kuona kuwala kumene Petro, Yakobo ndi Yohane anaona pamene Yesu anasandulika pamaso pawo. Ankatinso kuwalako sikolengedwa, ndi ulemerero wa Mulungu mwini. Mmonke wina wophunzira kwambiri, Barlaam wa ku Calabria, dera la kummwera kwa Italy, anati limenelo ndi bodza loopsa, pakuti Mulungu saoneka, ndipo chilichonse chimene maso aona ndi cholengedwa basi. Mmonke mnzawo, Gregory Palamas, ndiye anaimirira kuteteza amonkewo.

Pansi pa zonsezi panali funso limodzi limene wopemphera aliyense amalidziwa: ndikagwada, kodi ndimakumana ndi Mulungu mwiniwake, kapena ndimangolandira mphatso zochokera kwa Mulungu amene Iye ali kutali?

Amonke amenewa anali ndani?

Athos ndi dera lamapiri loloza m'nyanja, ndipo nsonga yake ndi yotalika mamita 2,033. Nyumba yaikulu yoyamba ya amonke kumeneko, Great Lavra, inakhazikitsidwa mu 963 ndi Athanasius. Lero kuli nyumba zikuluzikulu 20, ndipo akazi saloledwa kupondako mpaka pano.

Mwa amonkewo, ena ankachoka m'nyumba zikuluzikuluzo n'kukakhala okha m'mapanga kapena m'tizisakasa kufunafuna chimene m'Chigiriki amati hesychia, kutanthauza bata, kukhala chete, kudekha kwa mtima. Njirayi sinayambire pa Athos. Inachokera kwa amonke a m'chipululu cha Egypt a m'zaka za m'ma 300, monga Evagrius amene anamwalira mu 399, n'kudzera kwa John Climacus wa pa phiri la Sinai, ndi Symeon, wotchedwa Mphunzitsi Watsopano wa za Mulungu, amene anamwalira mu 1022 atalemba zambiri za kuwala kumene iye mwini anakuona. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amonkewa anatenga kudekhako n'kukusandutsa ntchito ya moyo wawo wonse.

Ankapemphera bwanji?

Pemphero lake ndi lalifupi: "Ambuye Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, mundichitire chifundo." Ambiri amawonjezera kuti "ine wochimwa."

Taganizirani mmonke m'kachipinda kake usiku, nyali itazimitsidwa. Wakhala pa kampando kakafupi, kongofika m'akakolo, mutu wawerama, chibwano chagunda pachifuwa, maso aloza pamtima. Akupuma pang'onopang'ono, ndipo mpweya ukamalowa ndi kutuluka mawu a pemphero aja akuyendera limodzi nawo. M'dzanja lamanzere muli kachingwe kaubweya wankhosa kokhala ndi mfundo, kamene sikachita phokoso ngati mikanda. Maganizo akathawira ku chakudya cha mawa, kwa m'bale amene anamulakwira masana, kumudzi kwa mayi ake, amawabweza osakwiya, n'kuyambanso. Khosi limauma, msana umawawa. Amonkewo amati cholinga chake n'kutsitsa nzeru kuchoka m'mutu kuti ikakhale mumtima, kuti munthu asamapemphere ndi milomo yokha pamene maganizo ali kumsika.

Malangizo a kapumidwe ndi kakhalidweka analembedwa momveka bwino ndi mmonke Nikephoros m'zaka za m'ma 1200, ndipo Gregory wa ku Sinai, amene anamwalira mu 1346, anafalitsa njirayi pa Athos ndi ku Bulgaria.

Kodi kubwereza mawu amodzimodzi si chimene Yesu analetsa pa Mateyu 6:7?

Funso ili limabwera nthawi zonse, ndipo n'loyenera. Chimene Yesu anatsutsa ndi kuganiza kuti Mulungu amva chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Iye mwini m'Getsemane anapemphera katatu akunena mawu omwewo, monga Mateyu 26:44 akunenera. Mawu a pempheroli nawo ndi a m'Malemba: Bartimeyo wakhungu uja anafuula kuti Yesu Mwana wa Davide amuchitire chifundo, ndipo atamuletsa anafuulitsa, pamene wamsonkho wa pa Luka 18:13 anadziguguda pachifuwa n'kupempha chifundo monga wochimwa. Amonkewo ankafuna kumvera lamulo la pa 1 Atesalonika 5:17 lakuti tipemphere kosaleka, ndipo anaona kuti pemphero lalitali silingayende ndi munthu tsiku lonse, koma lalifupi lingathe.

Ngozi ilipo ndithu. Munthu angathe kuwerenga mfundo za kachingwe kaja ngati akuwerenga matumba a chimanga, mtima uli kwina. Aphunzitsi a njirayi anali oyamba kuchenjeza za zimenezo.

Palamas ndi Barlaam anali anthu otani?

Gregory Palamas anabadwa mu 1296 ku Constantinople. Bambo ake anali nduna ya mfumu Andronikos Wachiwiri, ndipo atamwalira mfumuyo ndiyo inayang'anira maphunziro a mwanayo. Njira ya ntchito yapamwamba m'boma inali yotseguka, koma ali ndi zaka pafupifupi 20 anasiya zonse n'kupita ku Athos. Anadzozedwa unsembe ku Thessaloniki mu 1326, ndipo kwa zaka zingapo anakhala pafupi ndi Bereya, mzinda womwe uja wa m'buku la Machitidwe, masiku asanu pa sabata ali yekha, Loweruka ndi Lamulungu n'kumatsika kukachita mapemphero ndi abale.

Barlaam anabadwa cha m'ma 1290 ku Seminara, kummwera kwa Italy, kumene kunali anthu olankhula Chigiriki. Anafika ku Constantinople cha m'ma 1330 ndipo anatchuka msanga, pakuti ankadziwa masamu, za nyenyezi ndi nzeru za Aristotle. Anali wa Orthodox, mmonke ngati anzakewo. Izi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa ambiri amaganiza kuti unali mkangano wa Akatolika ndi a Orthodox. Poyamba unali wa m'nyumba imodzi.

Nanga anayambana bwanji?

Chodabwitsa n'chakuti sanayambire pa pemphero. Mu 1334 nthumwi za Papa zinafika ku Constantinople kudzakambirana za kugwirizanitsa mipingo, ndipo Barlaam ndiye anasankhidwa kulankhulira a Kummawa. Nkhani yaikulu inali yakuti a Kumadzulo anawonjezera mawu m'Chikhulupiriro cha ku Nicea onena kuti Mzimu Woyera amachokera kwa Atate "ndi kwa Mwana." Barlaam powatsutsa anati: Mulungu ndi wosadziwika, nzeru za munthu sizingatsimikizire kanthu za Iye, choncho inu a Kumadzulo simungatsimikizire zimene mukunenazo.

Palamas atawerenga, anaona kuti nkhwangwa imeneyi ikudula mbali zonse ziwiri. Ngati palibe chimene tingadziwe motsimikiza za Mulungu, ndiye kuti a Kummawanso sakudziwa chimene akuteteza, ndipo Mulungu amene anadziulula mwa Khristu wabwezedwanso kuseri kwa mitambo. Anamulembera makalata. Barlaam anapsa mtima, n'kuyamba kufufuza za amonke amene Palamas ankakhala nawo.

Nkhani ya mchombo ija inabwera bwanji?

Barlaam anapita kwa amonke ena ku Thessaloniki n'kuwafunsa za kapempheredwe kawo. Zimene anamva zinamunyansa: anthu akuluakulu atawerama kuyang'ana pamimba, akusunga mpweya, n'kumati akuona kuwala kwa Mulungu. Anawapatsa dzina lachipongwe lakuti omphalopsychoi, anthu amene mzimu wawo uli pamchombo. Kenaka anawaneneza mlandu woopsa, kuti ndi Amessalia, gulu limene linatsutsidwa pa msonkhano wa ku Efeso mu 431, limene ankalinena kuti limanyoza masakramenti n'kumati pemphero lokha ndilo lipulumutsa ndiponso kuti Mulungu angaonedwe ndi maso athupi.

Palamas anayankha ndi zolemba zisanu ndi zinayi, m'magulu atatu, pakati pa 1338 ndi 1341. Pa za thupi sanachite manyazi. Anati thupi si mdani wa pemphero, ndi kachisi wa Mzimu Woyera monga 1 Akorinto 6:19 akunenera, ndipo Mwana wa Mulungu anavala thupi lomweli. Anakumbutsa za Eliya pa phiri la Karimeli, amene popempherera mvula anawerama n'kuika nkhope yake pakati pa maondo. Komanso ananena poyera kuti za kapumidwezo ndi zothandizira ongoyamba kumene kuti maganizo asabalalike, sizibweretsa chisomo. Munthu sangamukoke Mulungu ndi mpweya wa m'mphuno.

Ine pano ndili kumbali ya Palamas ndi mtima wonse. Timalira ndi maso, timagwada ndi maondo, timasala ndi mimba, timalandira Mgonero ndi pakamwa. Chikhristu chimene chimati nzeru yokha ndiyo imafika kwa Mulungu chimatsekera panja agogo osadziwa kuwerenga amene anatiphunzitsa kupemphera.

Kuwala kwa pa Tabor n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani anakangana za iko?

Mateyu 17, Marko 9 ndi Luka 9 amasimba kuti Yesu anakwera phiri ndi ophunzira atatu, nkhope yake inawala ngati dzuwa, zovala zake zinayera mbee. Mabukuwo satchula dzina la phirilo. Ndi mwambo wakale wa mpingo umene umati linali Tabor, ku Galileya, ndipo chikondwerero chake chimachitika pa 6 Ogasiti.

Barlaam anati kuwalako kunali kolengedwa, chizindikiro chimene Mulungu anapanga kwa kanthawi kuti aphunzitse atumwi, n'kuzimanso. Kwa iye kudziwa Mulungu ndi nzeru kunali kopambana kuona kuwala kulikonse. Palamas, potsatira aphunzitsi akale monga John wa ku Damasiko, anati paphiripo Yesu sanalandire chinthu chimene analibe. Ulemerero umenewo anali nawo kuyambira kale, ali m'khola la ku Betelehemu, akupala matabwa ku Nazarete. Chimene chinasintha ndi maso a ophunzira: Mzimu anawatsegula kuti aone chimene chinalipo nthawi yonseyo. Choncho kuwalako si kwa mtundu wa dzuwa kapena wa nyali, ndipo diso silikuona mwa mphamvu yake. Stefano pomwe ankaponyedwa miyala anaona ulemerero wa Mulungu, koma omuponyawo, amene anaima pomwepo ndi maso abwinobwino, sanaone kanthu.

Koma Baibulo limati palibe munthu anaonapo Mulungu. Palamas anayankha bwanji?

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Malemba amanena zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Yohane 1:18 amati palibe anaona Mulungu, 1 Timoteo 6:16 amati amakhala m'kuunika kosafikirika, ndipo pa Eksodo 33:20 Mulungu akuuza Mose kuti munthu sangaone nkhope yake n'kukhala ndi moyo. Koma m'mutu womwewo, ndime 11, akuti Mulungu ankalankhula ndi Mose maso ndi maso monga munthu ndi bwenzi lake. Mateyu 5:8 amalonjeza kuti oyera mtima adzaona Mulungu, ndipo 2 Petro 1:4 amafika ponena kuti tidzagawana nawo umulungu wake.

Palamas anakana kutaya mbali iliyonse. Anasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chimene Mulungu ali mwa Iye yekha, m'Chigiriki ousia. Chimenechi palibe wolengedwa angachidziwe kapena kulowamo, ngakhale angelo, ngakhale m'moyo ukudzawo. Chachiwiri ndi Mulungu yemweyo pamene akutuluka kudzagwira ntchito mwa zolengedwa zake, energeiai: chisomo chake, moyo wake, chikondi chake, ulemerero wake. Zimenezi si zinthu zimene Mulungu anapanga n'kutitumizira ngati phukusi. Ndi Mulungu mwini, wathunthu, akudzipereka. Maganizowa sanawatole pamsewu, pakuti Basil wa ku Kaisareya, m'zaka za m'ma 300, analemba kale kuti Mulungu timamudziwa mwa ntchito zake zimene zimatsikira kwa ife, koma chimene Iye ali sitingachiyandikire.

Amene anaonapo wosula makasu amvetsa fanizo limene aphunzitsi akale ankakonda. Chitsulo chimalowa m'makala chili chakuda, chozizira. Wosulayo akamapopa mvukuto, chimayamba kufiira, kenaka chimawala psuu, ndipo mukachigunditsa pa udzu wouma udzuwo umayaka. Moto uli m'kati mwake monse, chikuchita zimene moto umachita, koma chikadali chitsulo. Umo ndi mmene Palamas ankamvera mawu a Petro aja. Munthu amadzazidwa ndi moyo wa Mulungu weniweni popanda kusanduka munthu wachinayi mu Utatu Woyera.

Kodi kumeneko si kumugawa Mulungu pawiri?

Umenewu ndiwo mlandu umene adani ake anamuimba, ndipo sanali anthu opepera. Gregory Akindynos, amene poyamba anali bwenzi la Palamas ndipo anayesa kuyanjanitsa awiriwo, ndi Nikephoros Gregoras, wolemba mbiri wotchuka, anafunsa kuti: ngati pali umulungu wosafikirika ndi umulungu wina wofikirika, onse osalengedwa, kodi si milungu iwiri, wamkulu ndi wamng'ono? Mulungu ndi mmodzi, alibe zigawo. Palamas mwini anawapatsa chogwira, chifukwa m'kalata ina kwa Akindynos anagwiritsa mawu omveka ngati akunena za umulungu wapamwamba ndi wapansi.

Yankho lake linali lakuti kusiyanitsa si kugawa. Timasiyanitsa Atate, Mwana ndi Mzimu popanda kunena kuti kuli milungu itatu. Dzuwa ndi cheza chake ndi dzuwa limodzi. Ndipo anawabwezera funso: ngati chisomo ndi cholengedwa, chingamulumikize bwanji munthu ndi Wosalengedwa? Cholengedwa chimangokufikitsani kwa cholengedwa chinzake.

Kunena chilungamo, funso la Akindynos silinafe. Akatswiri a za Mulungu akadakanganabe ngati kusiyanako kuli mwa Mulungu mwini kapena m'kamvedwe kathu kokha. Chimene ndimalemekeza mwa onsewo n'chakuti aliyense ankateteza chinthu choona: awa umodzi wa Mulungu, uyu kuyandikira kwake.

Mlanduwu unaweruzidwa bwanji? Ena amati Palamas anapambana chifukwa cha ndale.

Mu 1340 akuluakulu a pa Athos anasaina chikalata chogwirizana ndi Palamas. Pa 10 Juni 1341 msonkhano unakumana m'tchalitchi chachikulu cha Hagia Sophia, mfumu Andronikos Wachitatu ali pampando, ndipo Barlaam anagonja n'kupepesa. Patangopita masiku asanu mfumuyo inamwalira, kusiya mwana wazaka pafupifupi 9. Msonkhano wachiwiri mu Ogasiti chaka chomwecho unatsutsa Akindynos.

Kenaka dziko linalowa m'nkhondo yapachiweniweni, kuyambira 1341 mpaka 1347. Mbali ina kunali John Kantakouzenos, bwenzi la mfumu yomwalirayo, mbali inayi mkazi wa mfumuyo, mfumukazi Anna wa ku Savoy, ndi Patriarki John Kalekas, mkulu wa mpingo ku Constantinople. Palamas ankaonedwa kuti ndi wa Kantakouzenos, choncho anamangidwa mu 1343 ndipo mu 1344 anachotsedwa mumpingo. Mu Febuluwale 1347 zinthu zinatembenuka: msonkhano unachotsa Kalekas pa udindo, Kantakouzenos analowa mumzinda, Palamas anamasulidwa, ndipo patapita miyezi ingapo anasankhidwa kukhala bishopu wamkulu wa Thessaloniki. Mu 1351 msonkhano wa ku nyumba yachifumu ya Blachernae, mu Constantinople momwemo, unatsimikiza chiphunzitso chake komaliza, Gregoras n'kutsekeredwa m'nyumba ya amonke ya Chora.

Ndale zinalowamo, palibe angakane, ndipo ogonjawo anachitidwa nkhanza zimene sitiyenera kuzibisa. Koma mizere ya ndale ndi ya chiphunzitso sinayendere limodzi. Gregoras anali wa Kantakouzenos koma wodana ndi chiphunzitso cha Palamas. Msonkhano wochotsa Kalekas unaitanidwa ndi Anna mwini, Kantakouzenos asanalowe. Ndipo Kantakouzenos atatula pansi ufumu mu 1354, chiphunzitsocho sichinagwe naye. Chinalandiridwa ku Serbia, Bulgaria ndi Russia, kumene mfumu ya ku Constantinople sikanatha kukakamiza munthu.

Awiriwa zinawathera bwanji?

Barlaam anabwerera Kumadzulo, analowa mu Katolika, ndipo mu 1342 anakhala bishopu wa ku Gerace kwawo ku Calabria. Ku Avignon anaphunzitsako Chigiriki Petrarch, mlakatuli wotchuka wa ku Italy. Anamwalira mu 1348.

Palamas sanathe kulowa mu Thessaloniki mpaka 1350, chifukwa gulu limene linkalamulira mzindawo silinkamufuna. Mu 1354, ali pa ulendo wapanyanja, anagwidwa ndi Aturuki n'kukhala m'manja mwawo pafupifupi chaka, akukambirana za chikhulupiriro ndi Asilamu mwaulemu wodabwitsa pa nthawi ya nkhondo ngati imeneyo. Anamwalira pa 14 Novembala 1359, ndipo mu 1368 analengezedwa kukhala woyera. A Orthodox amamukumbukira Lamulungu lachiwiri la Lenti kulikonse kumene ali, kuphatikizapo m'mipingo yawo ya ku Malawi ndi Zambia, imene ili pansi pa Patriarki wa ku Alexandria.

Akatolika ndi Aprotestanti amati chiyani?

Mu 1336, mkangano uja ukungoyamba Kummawa, Papa Benedict wa 12 analengeza kuti oyera kumwamba amaona umulungu weniweniwo maso ndi maso. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Akatolika, anali ataphunzitsa kale kuti mwa Mulungu, chimene ali ndi chimene amachita ndi chimodzi, ndiponso kuti chisomo chimene chimakhala mumtima wa munthu ndi mphatso yolengedwa. Mukayerekeza ndi yankho la pa funso la Yohane 1:18 pamwambapa, muona pamene pagona kusiyana. Demetrios Kydones atamasulira buku lina lalikulu la Aquinas m'Chigiriki mu 1354, otsutsa Palamas anapeza zida zatsopano, ndipo m'bale wake Prochoros anatsutsidwa ndi msonkhano wa 1368.

Kwa zaka mazana ambiri olemba achikatolika ankamuona Palamas ngati wosokera. M'zaka za m'ma 1900 zinthu zinafewa, makamaka pambuyo pa zolemba za akatswiri a Orthodox, Vladimir Lossky ndi John Meyendorff, ndipo lero Akatolika ena a miyambo ya Kummawa amamulemekeza m'mapemphero awo. Ambiri amati mbali ziwirizi zikuteteza chinthu chimodzi ndi mawu osiyana, ena amati kusiyanako n'kwenikweni.

Aprotestanti sanaweruzepo nkhaniyi monga mpingo. Nkhawa yawo imakhala yakuti njira yotere ingapangitse munthu kudalira khama lake m'malo mwa chisomo, kapena kuika zimene wamva mumtima pamwamba pa Malemba. Kumadzulo nakonso anthu a pemphero lakuya sanayende mosavuta: Marguerite Porete anatenthedwa ku Paris mu 1310, mawu ena a Meister Eckhart anatsutsidwa mu 1329, ndipo Miguel de Molinos anaweruzidwa ku Rome mu 1687. Chapadera ndi Palamas n'chakuti mpingo wake unafika povomereza zimene amonke ankanena n'kuzilemba kukhala chiphunzitso.

Ndiye aliyense amene wati waona kuwala kapena masomphenya timukhulupirire?

Ayi, ndipo pano ndikupempha muwerenge mofatsa, chifukwa anthu amatenga theka la nkhaniyi n'kusiya theka linalo. Amonke omwe ankateteza kuwalako ndiwo anali okayikira masomphenya kuposa wina aliyense. Anali ndi dzina la matendawa, plani m'Chigiriki, prelest m'Chirasha, kutanthauza kunyengeka mwauzimu. Gregory wa ku Sinai analangiza kuti ukaona kuwala, moto, kapena chooneka ngati mngelo ngakhale Khristu amene, usachilandire, ndipo usapange zithunzi m'maganizo popemphera. Ankakumbukira 2 Akorinto 11:14, kuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Ankakhulupirira kuti Mulungu sakwiyira munthu amene wakana masomphenya oona poopa kunyengeka.

Mayeso awo anali osavuta kuwatchula koma owawa. Kodi munthuyu wadzichepetsa kuposa kale, kapena wayamba kudziona wapadera? Kodi akulira machimo ake, kapena akuwerenga a anzake? Kodi akadali mumpingo, akulandira Mgonero, akumvera? Kodi wakauza mkulu wodziwa amene angamuuze kuti "mwana wanga, zimenezo ziiwale," iye n'kuvomera? Safunsa anadya phula. Mawu a pemphero lenilenilo akuonetsa njira: munthu amene wapemphera zaka 40 akunenabe kuti "mundichitire chifundo," sanakwezedwe kufika pa pemphero lina la akatswiri.

Zimandipweteka ndikaona munthu atatsika kuphiri n'kuyamba kulamula banja lonse ndi zimene akuti waona, mpaka mayi wokalamba kutchedwa mfiti, wodwala kusiyitsidwa mankhwala. Barlaam ankaopa zinthu ngati zimenezi, ndipo mantha akewo anali ndi maziko. Pamene analakwa ndi pofuna kuchiza matendawo potseka khomo lonse.

Kodi mkangano wotere unabukanso?

Unabuka, pa Athos pomwepo. Zolemba za amonke akale zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Philokalia, losindikizidwa ku Venice mu 1782, ndipo Paisius Velichkovsky atalimasulira m'Chisilavo mu 1793 pemphero la Yesu linafala kwambiri ku Russia. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amonke ena achirasha anayamba kuphunzitsa kuti dzina la Mulungu ndi Mulungu mwini. Mtsogoleri wawo, Antony Bulatovich, anali msilikali amene asanakhale mmonke anayenda ndi ankhondo a Menelik Wachiwiri ku Ethiopia. Iwo ankati akutsatira Palamas, kuti dzinalo ndi imodzi mwa ntchito zosalengedwa zija. Otsutsa ankati akusandutsa zilembo ndi mawu kukhala fano. Mu 1913 boma la Russia linatumiza zombo ndi asilikali, amonke anathiridwa madzi a m'mapaipi ozimitsira moto, ndipo mazanamazana a iwo anatengedwa mokakamiza kupita ku Odessa.

Ine sindine mmonke, ndili pabanja, ndiponso si wa Orthodox. Kodi pempheroli ndingalipemphere?

Mawu ake ndi a Mkhristu aliyense, palibe mpingo umene ungakane kuti Yesu ndi Ambuye, Mwana wa Mulungu, ndi kuti tikusowa chifundo chake. Chimene aphunzitsi a Orthodox amaletsa ndi kuyesa nokha za kusunga mpweya ndi kuwerama kuja popanda wokutsogolerani, chifukwa zingavulaze thupi ndi mutu womwe. Amaletsanso kupemphera n'cholinga choti muone kanthu, pa zifukwa zimene tanena pa funso la masomphenya.

Palamas mwini ankalimbikira kuti lamulo la kupemphera kosaleka ndi la onse, amuna, akazi, ana, ophunzira ndi osaphunzira. Mbiri ya moyo wake, yolembedwa ndi Patriarki Philotheos, imasimba kuti mmonke wina wokalamba dzina lake Yobu anatsutsana naye pa mfundoyi, akuti zimenezo n'za amonke okha, koma pambuyo pake anabwera kudzapepesa. Amasimbanso za bambo ake a Palamas, Constantine, munthu wapabanja wa ana asanu, kuti nthawi zina m'bwalo la mfumu ankamira m'pemphero mpaka osamva funso limene afunsidwa, ndipo mfumu inkauza nduna zinazo kuti zimusiye.

Amene akuyamba amalangizidwa kupatula mphindi 10 kapena 15 m'mamawa, kukhala pansi mwabata, kunena mawuwo pang'onopang'ono akumvetsera tanthauzo lake, ndi kuwabweza maganizo nthawi iliyonse akathawa. Masana pempherolo limatha kubwera lokha muli pamzere kuchipatala, muli m'minibasi, mukupalira, mukudikira madzi pa mjigo. Lisalowe m'malo mwa kuwerenga Malemba, mapemphero a mumpingo ndi Mgonero, ndipo mukaona zachilendo zilizonse kauzeni abusa kapena ansembe anu musanauze wina aliyense.